Kashembe analuma onse awiri, wadwala kaodzera ndi mmodzi. Ndi magazi kodi?

MwanaWaKuBua
Moni nonse. Ndili ndi funso, ndipo chonde ondiyankha akhale odziwa, osati ongofuna kuseka. Achimwene anga akulu agonekedwa m'chipatala, awapeza ndi kaodzera. Munda wawo uli kumalire ndi gemu ya Nkhotakota. Chiyambire unyamata wawo amayendera limodzi ndi asuweni athu, mwana wa azakhali: kokawedza ku Bua limodzi, kokafula uchi limodzi, kokatola nkhuni limodzi. Akashembe amawaluma onse awiri, mwinanso asuweniwo ndi amene amalumidwa kwambiri poti sakonda kuvala malaya. Koma iwo ngakhale mutu suwawawa.

Kumudzi tsopano kwavuta. Ena akuti asuweni ndi okhwima, anawaponyera matendawa chifukwa cha mkangano wa malire a dimba. Amalume akuti zaufiti ayi, koma ife tinatengera magazi ofooka a kuchimuna. Kodi zilipodi zoti munthu amabadwa ndi magazi oti kaodzera samugwira? Kapena amalume akungofuna kunyoza malemu bambo?

Nkhwazi_77
Pepani ndi matenda. Koma amalume anu awerengenso bwino. Asuweniwo si mwana wa mlongo wa bambo anu? Ndiye magazi "ofooka" a kuchimunawo iwonso ali nawo. Mlandu wagwa wokha kkkk.

AlangiziAPaMudzi
Tisanafike pa magazi, tiyambe ndi kashembe yemwe. Anthu amaganiza kuti kashembe aliyense ali ndi matenda. Ayi. Amene amanyamula kachilombo kodwalitsa munthu ndi ochepa kwambiri, nthawi zambiri safika ngakhale mmodzi pa 100 alionse. Kashembe amabadwa alibe kanthu, amakatenga kachilomboko akaluma nyama monga mbawala kapena ng'ombe yomwe ili nako, ndipo pamatenga masabata kuti kakhwime m'thupi mwake. Choncho anthu awiri akhoza kulumidwa zaka ndi zaka, mmodzi n'kukumana ndi kashembe woipayo, mnzake osakumana naye. Musawazunze asuweni anuwo.

Mlamu_Wanu
Inu mumangoti sayansi sayansi. Nanga kashembe mmodzi pa 100 uja anasankha bwanji munthu amene akulimbirana dimba? Zina tisamazikane, a Malawi.

Nkhwazi_77
@Mlamu_Wanu kumudzi kuli munthu amene sakulimbirana malire ndi wina? Aliyense amene angadwale mupeza chifukwa basi.

WaMuLabu
@MwanaWaKuBua funso lanu lili ndi yankho lenileni, koma ndi lalitali, mundipirire. A Alangizi anena zoona kuti gawo lalikulu ndi mwayi wa kashembe amene wakuluma. Koma za chibadwa ziliponso, ndipo si nthano.

M'magazi mwa munthu aliyense muli puloteni yotchedwa APOL1. Imayenda itakwera pa tinthu tamafuta ta m'magazi totchedwa HDL. Kachilombo ka mtundu wa Trypanosoma kakalowa m'magazi kamameza puloteniyi, ndiye ikafika m'kati imaboola timabowo, kachilomboko n'kutupa mpaka kuphulika. Gulu la Etienne Pays ku Brussels ndi limene linasonyeza mu 2003 kuti APOL1 ndi imene imagwira ntchito imeneyi. N'chifukwa chake kachilombo kamene kamapha ng'ombe, Trypanosoma brucei brucei, ife sikatidwalitsa, ngakhale kashembe atatilavulira tsiku lililonse. Tonsefe, a kuchimuna ndi a kuchikazi omwe, tili ndi chitetezo chimenechi.

Vuto ndi loti pali tizilombo tiwiri timene tinapeza njira yozembera. Ka kumadzulo ndi pakati pa Africa ndi gambiense. Kathu kuno, ku Zambia, ku Tanzania ndi mbali ina ya Uganda ndi rhodesiense. Kathuka kamapanga puloteni yake yotchedwa SRA, yomwe imagwira APOL1 isanaboole. Tinene kuti APOL1 ndi galu wolondera pakhomo, SRA ndi chingwe chimene wakuba amamumanga nacho pakamwa.

Tsopano apa ndi pamene pali kusiyana pakati pa anthu. Jini, kutanthauza kalangizo ka chibadwa kamene timatengera kwa makolo, ndi imene imauza thupi kapangidwe ka puloteni. Jini ya APOL1 ili pa chromosome 22 (umodzi mwa mitolo ya majini m'maselo athu), ndipo anthu ena a ku Africa ali ndi mitundu yake yosinthika pang'ono, G1 ndi G2. Pa G2 panachoka tizidutswa tiwiri tokha ta puloteniyo, pamalo enieni pamene SRA imagwira. Ndiye SRA ikafika imapeza pogwira palibe, kachilombo kamafa. Kafukufuku wa ku Uganda amene anatuluka mu 2017 anapeza kuti anthu a G2 mpata wawo wodwala kaodzera wa rhodesiense unali wochepa pafupifupi kasanu poyerekeza ndi anzawo. Wina wochitikira kumpoto kwa dziko lathu lino, wotuluka mu 2019, anapezanso kuti G2 imateteza.

Ndiye mwina asuweni anu ali ndi G2, mwina alibe. Poyang'ana nkhope simungadziwe. Ndipo munthu amalandira jini imodzi kwa mayi, ina kwa bambo. Palibe mbali imene ili ndi mlandu.

Chiphadzuwa_LL
Eee ndiye ine ndikufuna G2 imeneyo. Amagulitsa kuti? 😂

NesiKuLeeds
Musaisirire, achemwali. Ine ndimagwira ntchito ku dialysis kuno ku UK, ndipo dzina la APOL1 timalimva pa nkhani ina, ya impso. Mu 2010 gulu la Martin Pollak ku Boston linapeza kuti G1 ndi G2 zomwezo ndi zimene zimachititsa kuti anthu akuda a ku America azidwala impso kwambiri kuposa azungu. Kwa nthawi yaitali madokotala ankangoti ndi BP, ndi zakudya, ndi umphawi. Zimenezo zilipo ndithu, koma pansi pake panalinso jini imeneyi. Munthu amene walandira mitundu yosinthikayi kwa makolo onse awiri, kaya G1 ndi G1, G1 ndi G2 kapena G2 ndi G2, ali pa chiopsezo chachikulu choti impso zake ziyambe kutaya mapuloteni mumkodzo kenako n'kufa. Ku America anthu akuda pafupifupi 13 pa 100 alionse ali choncho.

Pamashini athu pano anthu ochokera ku Nigeria, Ghana ndi ku Caribbean ndi ambiri ndithu, ena ali ndi zaka za m'ma 30. Munthu kubwera katatu pa sabata, kukhala maola anayi magazi akuzungulira m'mapaipi, madzi akumwa ochita kuyeza. Ndikaganiza kuti kwathu mashini amenewa anthu amachita kuwalondola ku Kamuzu Central ndi ku Queens, kuchokera maboma akutali, sindinganene kuti G2 ndi mwayi. Makolo athu inawapulumutsa ku kashembe, ngongole yake tikubweza ndi impso.

Chiphadzuwa_LL
Basi ndasintha maganizo, ikhale komweko.

MwanaWaKuBua
Zikomo a WaMuLabu ndi a Nesi. Ndiye mukutanthauza kuti ngati asuweni ali nayo, impso zawo zidzafa? Ndiyambe kuwauza?

NesiKuLeeds
Ayi ayi, musakawaopseze. Poyamba simukudziwa n'komwe ngati ali nayo. Komanso chiopsezo chachikulu chili pa amene ali ndi ziwiri, ndipo ngakhale mwa iwowo ambiri amakalamba impso zili bwinobwino. Nthawi zambiri pamafunika chinthu china chodzutsa vutolo. Chodziwika kwambiri ndi HIV imene sikuthandizidwa ndi ma ARV. Chimene mungawauze ndi chimene ndingauze aliyense pagulu pano: muziyezetsa BP, nthawi zina mupemphe akuyezeni mkodzo ndi kapepala kaja koona mapuloteni, ndipo musamamwe Brufen ndi diclofenac ngati mtedza.

DadaWaVwaza
Ife akumpoto tinadziwa kale. Takhala ndi kashembe wa ku Vwaza chiyambire makolo athu. Magazi a Atumbuka ndi ena, si za anthu a m'tauni izi.

Nkhwazi_77
Zayambika. Nkhani ya kachilombo yasanduka ya mitundu.

AlangiziAPaMudzi
@DadaWaVwaza dada, ndi ulemu wonse, Rumphi ndi limodzi mwa maboma amene amatulutsa odwala kaodzera ambiri m'dziko muno, pamodzi ndi Nkhotakota ndi Kasungu. Mu 2019 ndi 2020 odwala anakwera kwambiri, ndipo ambiri anali a m'midzi yozungulira Vwaza ndi gemu ya Nkhotakota. Magazi a Atumbukawo anali kuti?

DadaWaVwaza
Amenewo ndi obwera, olima fodya m'maesiteti.

WaMuLabu
Obwera amadwaladi, koma eni mudzinso amadwala. Jini siidziwa chilankhulo. M'mudzi umodzi, m'banja limodzi, wina ali ndi G2 wina alibe, ndipo amene alibe ndiwo ambiri. Kusiyana kumaoneka mukayang'ana Africa yense: G1 ndi yochuluka kwambiri kumadzulo, makamaka pakati pa Ayoruba ndi Aigbo ku Nigeria, pamene ku Ethiopia mitundu yonse iwiri pafupifupi kulibe.

Ndipo nkhaniyi si yosalala monga ndinaifotokozera pamwambapa. Kafukufuku wa 2017 uja anayang'ananso ku Guinea, kumene kuli gambiense. Kumeneko G2 siinateteze. M'malo mwake a G2 ndi amene matenda ankawapitirira msanga, pamene a G1 ankatha kukhala ndi kachilomboko nthawi yaitali osadwala. Jini yomweyo, kuno ikuthandiza, uko ikupweteka. Ku Uganda komweko kafukufuku wina wotsatira sanapeze chitetezo cha G2 chija. Odwala kaodzera ndi ochepa, choncho kafukufuku aliyense amakhala ndi anthu ochepa, ndipo zotsatira zimatha kusiyana.

Kachilombo nakonso kali ndi majini ake. Madokotala anaona kalekale kuti kaodzera wa ku Nkhotakota amayenda pang'onopang'ono, munthu kudwaladwala miyezi, pamene wa kum'mawa kwa Uganda amafika ku ubongo m'masabata ochepa. Onse ndi rhodesiense, koma mitundu ya kachilomboko ndi yosiyana. Ndiye ukafunsa kuti chifukwa chiyani uyu wadwala uyu ayi, pali kashembe, pali kachilombo, pali munthu.

Ndatopa_Nazo
Ine funso langa ndi lina. Magazi a anthu a ku Rumphi amene mukuti anayezedwawo, ali kuti pano? Anapita kunja eti? Anthu amabwera ndi magalimoto oyera, kutenga magazi a anthu osauka, kupereka sopo ndi Fanta, iwo n'kukatenga ma PhD. Mankhwala a impso akadzatuluka adzagulitsidwa madola, mwini magazi sadzawaona. Kenako mudzadabwe anthu akayamba za anamapopa.

MayiWaAnaAtatu
Za anamapopa musazitchule mwachibwana. Mu 2017 anthu osalakwa anaphedwa ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena chifukwa cha mphekesera imeneyo. Ogwira ntchito zachipatala ankaopa kulowa m'midzi.

Ndatopa_Nazo
Sindikuvomereza kupha anthu, mayi. Ndikuti mantha aja sanagwe kumwamba. Munthu ukamutenga magazi osabweranso kudzamuuza zimene wapeza, amadzipangira yekha yankho.

WaMuLabu
@Ndatopa_Nazo pa mfundo yobwerera kukauza anthu, ndili nanu. Zimachitika mochepa kuposa momwe ziyenera kukhalira. Koma chithunzi cha azungu okhaokha pa nkhani iyi si cholondola. Ntchito ya majini a kaodzera inachitika pansi pa TrypanoGEN, yomwe inkatsogoleredwa kuchokera ku Makerere University ku Uganda, ndi Enock Matovu, mu pulogalamu ya H3Africa. Cholinga cha H3Africa chinali chomwecho, choti akatswiri a ku Africa azitsogolera okha. Kuno anagwira ntchitoyi ndi a Malawi a ku College of Medicine, yomwe pano ili mu KUHeS. Ndipo kafukufuku wotenga magazi a anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti monga COMREC kapena NHSRC, munthu aliyense n'kusaina yekha atafotokozeredwa.

Palinso vuto la mbali inayo. Kafukufuku wambiri wa majini padziko lonse wachitika pa azungu, pamene anthu a ku Africa ndi amene majini awo ndi osiyanasiyana kwambiri kuposa anthu ena onse. Tikakana kuyezedwa, mankhwala azipangidwa poyang'ana matupi a ena.

Za mtengo wa mankhwala a impso, pamenepo sindikutsutsani. Alipo amene akuyesedwa, inaxaplin, a kampani ya ku America. Kuti adzafika liti ku Bolero, ndi nkhani ina.

Ndatopa_Nazo
Mwaona? Mwavomera nokha.

AlangiziAPaMudzi
Koma kuti tisangodandaula, pali china chimene chinabwerera kwa eni ake. Kale kaodzera akafika ku ubongo mankhwala ake anali melarsoprol, jakisoni wa mumtsempha wokhala ndi arsenic. Amawotcha mtsempha, odwala amalira, ndipo pafupifupi mmodzi pa 20 alionse ankafa ndi mankhwalawo, osati matenda. Asanafike ku ubongo ankapereka suramin, nayenso jakisoni. Tsopano kuli mapiritsi a fexinidazole, akumwa masiku 10. Anayesedwa pa chipatala cha boma cha Rumphi ndi ku Lwala ku Uganda mothandizidwa ndi DNDi, bungwe lofufuza mankhwala a matenda onyalanyazidwa. Kenako bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linawavomereza pa rhodesiense mu December 2023, ndipo WHO inawaika m'malangizo ake mu 2024. Odwala a ku Rumphi amene analola kuyesedwa aja athandiza Africa yense.

@MwanaWaKuBua ngati achimwene apatsidwa mapiritsiwa, aonetsetse kuti akumwa atadya chakudya chokwanira. Pamimba popanda kanthu salowa bwino m'thupi. Woyang'anira wodwala asamangobweretsa tiyi.

MwanaWaKuBua
Ndi mapiritsi amene akumwa. Ndiwauza alamu za chakudyazo lero lomwe. Chimene chinatipweteka n'choti anataya nthawi yaitali akumwa LA. Pa chipatala chaching'ono cha kwathu ankangoti ndi malungo, ngakhale kachipangizo koyezera pachala kankaonetsa kuti alibe. Mpaka anayamba kugona masana pakati pa nkhani, usiku n'kumayendayenda, kulankhula zosamveka. Chithupsa chimene chinatuluka pamwendo palibe anachifunsa.

NesiKuLeeds
Chithupsa chimenecho ndiye chinali chizindikiro. Aliyense wokhala pafupi ndi gemu amve izi: kutentha thupi, mutu, malungo sakupezeka kapena LA sakugwira, nenani nokha kuti "ndinalumidwa ndi kashembe, mundiyeze kaodzera." Kachilomboka kamaoneka pa maikulosikopu, kakuvinavina pakati pa maselo a magazi. Rhodesiense osathandizidwa amapha m'miyezi yochepa.

Bullets4Life
Ndamva kuti kashembe amakonda mtundu wa buluu. Ndiye a Noma muli pa mavuto, ngakhale tizilombo tikukusakani kkkkk.

Nyerere_Yeniyeni
Kashembe amadziwa timu yabwino, aise.

AlangiziAPaMudzi
Mukuseka koma ndi zoona. Buluu ndi wakuda zimamukopa, n'chifukwa chake nsalu zimene amazika m'mphepete mwa gemu zimakhala za mitundu imeneyi, zonyikidwa m'mankhwala. Vuto anthu amazizula kukasoka makatani. Wolowera kutchire avale zotuwa kapena za khaki, za manja aatali, nsalu yokhuthala chifukwa kashembe amaboola yopyapyala.

MayiWaAnaAtatu
Ndibwerere pa nkhani ya magazi. Izi za jini yoteteza koma yopweteka ine ndikuzidziwa m'nyumba mwanga. Mwana wanga wachiwiri ali ndi sickle cell. Ine ndi bambo ake tonse ndife onyamula, sitinkadziwa. Apongozi anandinena kuti ndabweretsa matenda pamtundu pawo, mpaka dokotala anawakhazika pansi n'kuwauza kuti theka linachokera kwa mwana wawo. Akuti wonyamula jini imodzi malungo aakulu samugwira kawirikawiri, n'chifukwa chake yafala kuno. Koma usiku umene mwana akukuwa ndi ululu wa m'mafupa, zoti ine malungo sandivutitsa sizinditonthoza. Kodi ndi nkhani imodzimodzi ndi ya APOL1?

WaMuLabu
Ndi yofanana kwambiri, mayi, ndipo ya sickle cell ndi imene umboni wake ndi wolimba kuposa zonse. Anthony Allison anaisonyeza mu 1954 atayeza anthu ku East Africa. Wonyamula jini imodzi chiopsezo chake cha malungo aakulu chimatsika ndi pafupifupi 90 pa 100. Kumene malungo ankapha ana ambiri, onyamula ankapulumuka, n'kukula, n'kubereka, jini n'kumafala. Onyamula awiri akakwatirana, pa mimba iliyonse mpata woti mwana adwale ndi umodzi pa inayi. Ndikuti mimba iliyonse payokha. Sizitanthauza kuti mukabereka mmodzi wodwala ndiye atatu otsatira ndi abwino.

Malungo anatisiyira zizindikiro zambiri m'magazi. Pali kuchepa kwa puloteni yotchedwa G6PD, pali vuto lina lobadwa nalo la maselo ofiira lotchedwa alpha thalassaemia, pali gulu la magazi la Dantu limene linafufuzidwa kwambiri ku Kilifi ku Kenya. Palinso Duffy: anthu ambiri a ku Africa kuno maselo awo ofiira alibe khomo limene malungo a vivax amalowera, n'chifukwa chake vivax ndi wosowa kuno pamene ku India ndi wofala.

Kusiyana kwake n'koti pa sickle cell mwana wolandira ziwiri amadwala ndithu, pamene pa APOL1 wolandira ziwiri amangokhala pa chiopsezo.

Ankolo_PaJoni
Ndiye achinyamata aziyezetsa zonsezi asanakwatirane? Ankhoswe tiziyamba tafunsa mapepala a labu tisanakambe za chinkhoswe?

MayiWaAnaAtatu
Sickle cell yokha inde, ndikanakonda tikanadziwa. Mwina tikanakwatiranabe, koma tikanadziwa choyang'anira mwana atangobadwa.

NesiKuLeeds
Sickle cell ndikugwirizana nazo. APOL1 ayi. Kuyeza kwake kwathu sikupezeka wamba, ndipo mungathetse ukwati chifukwa cha matenda amene mwina sadzabwera. Ndalama imeneyo gulani makina a BP a pakhomo.

Mlamu_Wanu
Zonse mwanenazi sizikuletsa kuti munthu akhoza kutuma kashembe.

Nkhwazi_77
Alamu, mukanakhala ndi luso lotuma kashembe bwenzi a zanyama zakutchire atakulembani ntchito yowabweza m'gemu.

MlimiWaNgombe_KU
Ine ndawerenga zonse mwakachetechete. Anthu mukudwala ochepa pachaka, koma ife a ng'ombe kufupi ndi Kasungu National Park timalira chaka chilichonse. Ng'ombe imayamba kuonda, ubweya kuyima, maso kulira misozi, kukoka ngolo osatha, yaikazi kutaya bere. Timabaya Berenil, timabaya Samorin, ikachira mwezi wotsatira yalumidwanso. Njati ndi njiri zili m'gemumo zonenepa, kashembe yemweyo. Kodi palibe ng'ombe zokhala ndi G2 yakeyo?

WaMuLabu
Ng'ombe zilibiretu APOL1, bambo. Jini imeneyi ili mwa anthu, anyani akuluakulu otchedwa gorilla, anyani athu akuba chimangawa ndi apusi ena ochepa. Ngakhale chimpanzee alibe. Nyama zakutchire zimapirira m'njira zina, poti zakhala ndi kashembe kuyambira kalekale. Pa ng'ombe, mtundu wodziwika ndi N'Dama wa kumadzulo kwa Africa, ng'ombe zazing'ono zopanda linunda. Kachilombo zimakatenga, koma magazi sazithera ngati mmene zimachitira zathu za linundazi.

Chosangalatsa ndi nyani. APOL1 yake ndi yamphamvu kuposa yathu, SRA siigwira, moti rhodesiense samudwalitsa. Jayne Raper wa ku New York pamodzi ndi a bungwe lofufuza za ziweto la ILRI ku Nairobi anayambitsa ntchito yotchedwa Mzima, yofuna kuika jini ya nyaniyo mu ng'ombe kuti zisamadwale. Pa mbewa zinatheka, mbewazo zinatetezedwa.

MlimiWaNgombe_KU
Ng'ombe ya jini ya nyani? Ine ndingagule, bola isamakwere mumtengo ikaona goli.

Ankolo_PaJoni
Ndipo pa malowolo azilandira? Ine kwa apongozi anga a ku Mzimba sindingayerekeze kupita nayo.